Mnzawo wa Bambo wa Kuphiri

Bekang
6 Febuluwale 2011

Achemwali anga a Perpetua,

Landirani moni wa kuno kumudzi. Kaya inu ndi makina anu osokera mukudzuka bwanji m'chithukuthuku cha ku Douala? Ife tilipo. Azakhali a Bezankeng pakamwa pawo m'pomwe paja, mbuzi yaswa awiri, ndipo Bambo akuti nsomba zouma munatumiza pa Khirisimasi zija zinatha kalekale, mumve nokha tanthauzo lake.

Mlongo wanu wapeza chochita. Musathamangire kuvina, si ntchito ya malipiro. Kwabwera bungwe lina loona za nyama zakutchire, likufuna kudziwa kuti agorila atsala angati m'phiri mwathu muno, ndiye limafuna anyamata odzipereka odziwa njira. Ine amene ndatha zaka ziwiri satifiketi ili m'sutikesi ndikupalira nthochi, ndinaimika dzanja woyamba. Amatipatsa chakudya, ndipo pomaliza adzatipatsa chikalata chotiyamikira chimene akuti chimatsegula zitseko.

Wotitsogolera ndi Mayi Ebangha a ku Mamfe, aafupi ngati inu, koma phiri amalikwera ngati akupita kuseri kwa nyumba. Agorilawo sitiwaona ayi, ndi amanyazi kuposa mkamwini watsopano. Timawerenga zisa zawo. Madzulo gorila aliyense amathyola masamba n'kuyala pogona pake, m'mawa n'kupasiya. Ife timalondola mapazi ndi zotsala za zimene adya, tikapeza pamene anagona timawerenga zisa, kuziyeza, n'kutola ndowe m'timabotolo. Inde achemwali, fizi yonse munandilipirira ija yathera kutola ndowe. Sekani, ndakulolani. Tikapeza makhwekhwe a waya amene anthu amatchera agwape ndi nungu timawazula.

Chandilembetsa kwenikweni ndi Bambo. Mukudziwa zimene mudzi wonse umadziwa koma sunena mokweza, zoti gorila wamkulu uja wa imvi kumsana ndi mnzawo wa Bambo, moyo wawo ndi umodzi, wina akakhuta winayo wakhuta, wina akafa winayo amtsatira. Ndinkayesa andiletsa. Anatafuna mtedza wawo wa kola, kenako anati, "Ukapeza pogona pake usapondepo. Ukabwerako uzindiuza kuti wagona bwanji." Chiyambire tsikulo ndikangotula chikwama, madzi ndisanamwe, amandifunsa ngati chisa chachikulu chinali choyalidwa bwino. Ndikati chinali bwino amadya mbale ziwiri.

Ine zimenezi sindizikhulupirira, inunso ndikudziwa. Koma nkhalamba ikusangalala, ndiye ndikuwasiya.

China n'chakuti analasidwa ndi chitsa kuphazi lamanzere ali kumunda. Kabala kake n'kakang'ono koma kakuchedwa kupola. Akuikapo masamba.

Mundigulireko majombo, linthumbu likundimaliza. Mutumize pa basi ya ku Dschang, Sylvester wa njinga yamoto akatenga. Foni musavutike nayo, pachitunda paja inkagwira sipagwiranso.

Ndine mlongo wanu wotola ndowe,
Cletus

Douala
21 Febuluwale 2011

Cletus,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kuti muli moyo nonse, ndi mbuzi zomwe. Ine ndili bwino, kupatula msana ndi magetsi amene akuzimazima ngati akuchitira dala pomwe ndili ndi madiresi a ukwati oti ndimalize.

Majombo ndi amenewo. Ukawang'amba usandilembere.

Za ntchito yakoyo sindinena zambiri. Munthu wogwira ntchito yaulere kuno tili nalo dzina lake, koma poti ndiwe mwana wa mayi anga ndikusungira. Bola sukukhala pabwalo kumwa uchema ndi anzako aja.

Chandikwiyitsa n'chakuti nkhani ya bala waiika kumapeto, pakati pa gorila ndi majombo, ngati ukunena za nkhuku yotsimphina. Waiwala kuti Bambo anawapeza ndi shuga chaka chatha ku Dschang? Mapiritsi aja akumwa? Usayankhe, ndikudziwa sakumwa. Bala la munthu wa shuga si la masamba. Mwamuna wa mayi wina amene ndimamusokera linamuyamba ngati walumidwa ndi nyerere, lero mwendo alibe. Uwakweze njinga, uwakweze basi, abwere kuno. Chipatala cha mishoni chili pafupi nane ndipo pogona alipo. Zoyendera ndiona ine.

Za mnzawo wa kuphiriyo usamawalimbikitse. Iwe unali wamng'ono, sukumbuka. Agorila akathyola nthochi m'munda mwa munthu, mwini munda ankabwera pakhomo pathu kudzalalata kuti a Njukang mwandidyera nthochi, ndipo Bambo ankapepesa n'kupereka nkhuku, nkhuku za Amayi. Kusukulu ankanditcha mwana wa gorila, n'kumandifunsa ngati kumsana kwayamba kumera ubweya. Ndinazithawa zimenezo, sindikufuna zinditsatire mu envelopu.

Undiyankhe msanga za phazilo. Upereke moni kwa azakhali.

Mchemwali wako,
Perpetua

Bekang
20 Malichi 2011

Achemwali,

Moni. Majombo anafika, ndathokoza. Pepani pochedwa kuyankha, tinali m'nkhalango ndipo mvula yayamba. Iyi muwerenge mutakhala pansi.

Sabata yatha tinapeza pamene gulu lija linagona, kuseri kwa mathithi. Zisa za aakazi ndi ana zinali m'mitengo monga mwa masiku onse. Chachikulu chinali pansi, patali ndi zinzake, ndipo sichinali chisa n'komwe. Anali masamba ongokokera pamodzi, ngati munthu wayala mphasa ndi dzanja limodzi. Pamasambapo panali magazi ndi mafinya, ntchentche zitadzazana. Mayi Ebangha anangogwira pakamwa.

Tinatsata mkukuluzi wa phazi mpaka kukhwawa, ndipo kumeneko ndinamuona gorila wamkulu uja, koyamba chibadwire. Anakhala tsidya lina atatsamira mwala. Sanathawe, sanadzigugude pachifuwa monga amanenera. Anangotiyang'ana. Waya wa khwekhwe wamulowa m'kakolo mpaka sukuonekanso, phazi latupa ngati mtsuko. Achemwali, ndi lamanzere.

Ndikudziwa zimene munene. Gorila ali ndi mapazi awiri okha, likapanda lamanja ndi lamanzere basi. Ndinadziuza zimenezo njira yonse yobwerera. Koma nditafika kunyumba, fungo limene linandilandira pakhomo linali lomwe lija la pachisa, ndipo ndinathamangira kuseri kukasanza. Ndikuchita mantha, ndanena.

Phazi la Bambo lada mpaka m'kakolo. Zala ziwiri sakuzimvanso. Funso lawo la masiku onse sanandifunse. Anangoti, "Ndi waya, eti?" Kaya mmodzi wa anzanga anali atafika kale nayo nkhani kumsika, kaya bwanji, sindikudziwa. Ndinavomera.

Kalata yanu ndinawawerengera, kusiyako za nkhuku. Akana. Akuti dokotala wa ku Douala angatsuke bala mpaka sopo kutha, koma waya uli kuphiri. Wayawo ukachotsedwa akwera basi tsiku lomwelo, usanachotsedwe sasuntha, chifukwa munthu sathawa mnzake ali pamsampha. Ndinakalipa, ndinagwada, ndinatchula ndi dzina la malemu Amayi lomwe. Azakhali ananditulutsa m'chipindamo, akuti ndikusokosera odwala awiri.

Mayi Ebangha anatsikira ku Dschang kukaimba foni. Akuti kuli madokotala a zinyama amene amalasa nyama ndi jekeseni wogonetsa n'kudula waya, ndipo alonjeza kubwera mwezi usanathe. Ndiye ndi mmene zilili. Ndikudikira dokotala wa gorila kuti bambo anga apite kwa dokotala wa anthu.

Mutumizeko mabandeji ndi mankhwala otsukira bala. Mutipempherere.

Cletus

Douala
3 Epulo 2011

Cletus,

Moni sindipereka wautali. Mabandeji ndi amenewo.

Mwezi watha. Madokotala akowo afika?

Kalata yako ndinapita nayo kwa namwino wina, mnzanga wa kutchalitchi. Nditafika pa zala zija anandilanda kalatayo n'kundifunsa kuti munthuyo ali wodi iti. Nditati ali kumudzi akudikira gorila, anandiyang'ana ngati wamisala ndine. Akuti kudako kukakwera kupitirira bondo, sipakhalanso chodula.

Ndikanabwera ndekha, koma ukuwadziwa Bambo, mawu a mwana wamkazi amawamva ngati mvula padenga. Iwe ndi amene umapita kuphiri, ndiwe wekha angakukhulupirire. Ndiye tamvera. Pita kunkhalango, ukakhaleko masiku angapo, ubwere ukuseka. Uwauze kuti waya wadulidwa, mnzawo akuyenda. Utole waya wina uliwonse uwaonetse. Usandiuze za tchimo, kwa ansembe ndikalapa ndine.

Ukazengereza n'kuwataya, sindidzakukhululukira, ndipo ukundidziwa sindinena zocheza.

Perpetua

Bekang
27 Epulo 2011

Achemwali,

Moni. Kalata iyi ndapatsira a katekisiti Tazanu, amene akuwaperekeza Bambo mpaka pakhomo panu. Inde, akubwera. Musaiwerenge pamaso pawo.

Yanu ija inandipsetsa mtima. Ndinati sindingawanamize Bambo pa chinthu chimodzi chokhacho chimene anandikhulupirira nacho, ndidikira madokotala. Madokotalawo anafikadi mpaka kumtsinje, n'kupeza madzi atakokolola ulalo wa zingwe. Anaima tsidya ndi mabokosi awo, ife tsidya lino, tikukodolana ngati ana. Anadikira, kenako anabwerera, akuti adzabwera mvula ikachepa. Pamene amuna amamaliza kuluka ulalo wina iwo anali atapita kale.

Tinabwerera kuphiri anthu anayi. Aakazi ndi ana anali atasamukira kumtunda, zisa zawo tinazipeza kutali. Nkhalango inali zii, ngakhale mbalame. Wamkulu uja tinamupeza m'mbali mwa kamtsinje atagona chammbali, mutu atatsamiritsa padzanja, monga agonera Bambo masana pansi pa mtengo wa kola. Anali atazizira.

Zimene ndinachita musadzauze munthu. Ndinataya chikwama n'kuliyatsa liwiro kutsika phiri, ndikugwa ndi kudzuka, makutu nditatchera kumudzi kuti ndimve kulira kwa maliro. Ine, wa satifiketi. Ndinafika pampanda n'kusuzumira. Bambo anali pakhonde, phazi lili pampando, akukangana ndi azakhali za mchere wa m'nthochi zootcha. Ndinakhala pansi m'maudzu n'kuseka mpaka misozi, kenako ndinabwerera kuphiri asanandione.

Mayi Ebangha anali atamujambula, atadula waya uja ndi pulayala. Tinamukwirira bwinobwino. Ndinawapempha kuti nkhaniyi isafike kumudzi. Anati ntchito yawo ndi kunena zoona za chimene chatsala ndi chimene chapita, ndipo anthu ayenera kuona chimene waya wawo wachita, koma adikira mpaka Bambo atachira. Anzanga awiri aja analumbira.

Wayawo ndinautenga, weniweniwo. Ndinalowa ndikuseka monga munandiuzira. Ndinati madokotala anazungulira njira ya kumtunda, adula waya, ndipo ndamuona ndi maso anga akukwera phiri kutsata akazi ake, akutsimphina pang'ono chabe. Bambo anaulandira ndi manja awiri, anaununkhiza, anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitana azakhali kuti awatulutsire malaya a kutchalitchi.

Ndinafuna kuwaperekeza ndekha koma akana. Akuti, "Iwe tsala, uzimuyang'anira mnzanga. Akadali wofooka."

Tawanyamula pamachira mpaka kutsidya. Kudako kwafika pakatumba. Musagone nawo kunyumba, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwapambana achemwali. Ine kukoma sindikukumva.

Cletus

Douala
17 Meyi 2011

Mlongo wanga Cletus,

Moni wa chimwemwe, kwa nthawi yoyamba chaka chino. Kaya iwe ndi azakhali muli bwanji? A katekisiti ayenera kuti anakuuza zoyambirira. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Dokotala akuti tikanachedwa sabata ina tikanagula bokosi.

Tsopano atuluka, ali kwanga. Bala lauma bwino, shuga watsika, mapiritsi akumwa popanda kuwakakamiza. Akuphunzira kuyenda ndi ndodo, ndipo pabwalo lonse lino awadziwa kale. Amakhala pafupi ndi makina anga n'kumanyoza masitayilo a makasitomala. Dzana anauza mayi wina wonenepa kuti nsalu imene wabweretsa ikwana mkono umodzi. Ndiwo zamasamba za eru za kuno akuti ndi udzu, koma mbale imabwerera yoyera.

M'mawa uliwonse amafunsa ngati kwabwera kalata yonena za mnzawo. Ndimati mvula yatseka njira. Akuti akumumva m'thupi kuti akupeza bwino, chifukwa iwonso akupeza bwino. Ndikamva zimenezo ndimaweramira pa makina. Koma taona wekha, mwana wa mayi anga: uja anapita, awa akudya. Ndinkanena ine. Usadziimbe mlandu, unachita zaumunthu.

Uwauze Mayi Ebangha kuti Bambo achira, ndipo ndathokoza chifukwa cha kudekha kwawo.

Anthu a kwathu okhala kuno, a msonkhano wa pamwezi uja, akufuna kudzawazonda onse pamodzi mwezi wamawa. Ndavomera, nanga n'kukana bwanji.

Ulembe kakalata kena koti ndiwawerengere, unene kuti chisa chayalidwa bwino. Bwanji wangoti zii? Sylvester akuti anakuona ukuoneka wotuwa. Ukudya?

Mchemwali wako,
Perpetua

Bekang
5 Juni 2011

Kwa Perpetua, mwana wa mlongo wanga Njukang,

Ndine azakhali ako Bezankeng. Akulemba ndi a katekisiti, ndipo ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakometse. Moni. Ndamva kuti mlongo wanga akunenepa. Ndikanakondwa.

Ana inu mwachita chinthu chachikulu osafunsa akulu.

Mayi wa agorila uja atamva kuti Njukang wachira, anaitanitsa mudzi wonse pabwalo. Anati anadikira mokwanira. Anatulutsa zithunzi n'kuziyendetsa m'manja mwa anthu kuti tione zimene waya umachita. Ine mayiyo sindimuda, amanena za misampha, ndipo analira. Koma anthu sankamva za misampha. Munthu wina anafunsa kuti nyamayi inafa liti. Iye anayankha, poti sadziwa kanthu. Anthu anayang'anana, kenako onse anatembenukira kwa Cletus.

Iwe unachoka kuno uli mtsikana, mwina unaiwala, ndiye ndikukumbutse. Munthu mnzake wa kutchire akafa, amamutsatira dothi la pamanda lisanaume. Akapanda kutsatira, ndiye kuti pamalo pake palowa wina wa magazi ake. Malowo sakhala opanda munthu. Njukang akudya ku Douala. Amene anagwira mtembo ndi manja, amene anaukwirira, amene anatenga waya n'kulowa nawo m'nyumba, ndani?

Sabata yomweyo mnyamata anagwa. Thupi moto, mano kugundana, akubwebweta za masamba osayalidwa. Akadzuka tsiku limodzi, lotsatira wagwanso. Maso achita chikasu. Anthu akusiya chakudya pakhomo, kulowa salowa. Mpando umene wakhalapo palibe akuukhala. Kwawo kwa mtsikana amene amafuna kumukwatira abweza uchema umene tinapereka pofunsira. Dzulo ndinapeza amuna awiri ataima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi manda a mayi ako, akuyang'ana pansi n'kumayankhula motsitsa. Atandiona anati akufuna mbuzi yosochera.

Sindikunena kuti mlongo wanga anapereka mwana dala, monga akunenera ena kumsika. Ndikudziwa sakudziwa n'komwe. Mwamupereka ndinu, ndi nzeru zanu za kusukulu. Umuuze. Nkhaniyi mwini wake ndi iye, si iwe, si ine. Ukapanda kumuuza, adzakufunsa pamanda a mwana wake, ndipo udzasowa poyang'ana.

Ndatha ine azakhali ako.

Ine Tazanu ndalemba zimene andiuza, koma sindikugwirizana nazo. Mnyamatayu ali ndi malungo aakulu amene anawatenga m'nkhalango. Ndamupatsa kwinini amene ndinali naye. Akufunika kuchipatala, koma mtsinje wadzazanso, ndipo amuna oti anyamule machira ake sindikuwapeza.

Bekang
6 Juni 2011

Achemwali,

Ndaika kapepala aka mu envelopu ya azakhali. Pepani zilembo zikuvina.

Ndi malungo basi. Ndinagona m'nkhalango mwezi wathunthu popanda neti, mukufuna ndidwale chiyani, chimfine? Musawamvere azakhali. Bambo musawauze kanthu, ndakugwirani mwendo.

Mayi Ebangha anabwera kudzandiona, ndi iwo okha analowa mpaka kuchipinda. Akuti akanadziwa sakanaitanitsa msonkhano. Ndinawauza kuti inenso, wobadwira konkuno, sindinaganize zofika pamenepa. Apita ku Dschang kukafuna mankhwala amphamvu, akuti awoloka ngakhale mosambira.

Chimene chikundiwawa si mutu ayi. Ndi mmene anthu akundipatsira moni. Aulemu onse, mawu ofewa, ngakhale aja tinkatukwanizana nawo pa mpira. Palibenso wondinena.

Masana ndimadziwa kuti ndi malungo.

Cletus

Douala
22 Juni 2011

Cletus, mwana wa mayi anga,

Moni. Kaya kalatayi ikupeza uli bwanji. Ndaitsogoza kuti udziwe tisanafike. Sindinawauze, ndikulumbira. Ndinakutumizira mankhwala tsiku lomwe ndinalandira ya azakhali, ndipo pakamwa ndinatseka.

Lamulungu anabwera a msonkhano aja, ndi sopo, ndi nthochi, ndi mafuta. Anadzaza nyumba mpaka pakhonde. Bambo anavala malaya a kutchalitchi, akuseka, akuonetsa mmene amayendera ndi ndodo. Anaitanitsa mbale n'kuswa kola monga achitira mwini nyumba. Mbale inazungulira chipinda chonse n'kubwerera m'manja mwawo yodzaza. Palibe anatolapo. Aliyense anali ndi chifukwa, wina dzino, wina mimba, wina akusala.

Bambo anaiyang'ana mbaleyo. Anafunsa kuti kumudzi kwagwa chiyani choti anthu akane kola wa Njukang. Onse anangoti ndwii pansi. Anafunsanso. Mkulu wa msonkhano ndi amene ananena, ndipo ananena zonse, ndi zithunzi zomwe. Ndinawathamangitsa ndi tsache, akuluakulu a imvi, ndipo manyazi ndilibe.

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangondifunsa ngati mnyamata akudwala. Ndinati malungo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti mwana wabwino, anachita kuseka polowa ndi waya uja.

Chiyambire tsikulo mapiritsi sakumwa. Akuti lililonse limene ameza likuchotsa tsiku pa masiku ako. Akufuna kubwera kwawo kudzatenga malo awo. Ndinabisa ndodo. Ndinakhoma chitseko. Ndinaitana namwino uja, anawafotokozera za udzudzu, anamvetsera mwaulemu n'kumuthokoza. Ndinaitana ansembe, anapemphera nawo n'kulandira mgonero, kenako anafunsa ansembewo nthawi imene basi ya ku Dschang imanyamuka. Dzulo ndinawapeza atakwawa mpaka pachitseko, bandeji itadetsedwa, atakhala tsonga akudikira.

Anati, "Perpetua, ukanditsekera muno ndifera muno, mwana nayenso apita, uika awiri. Ukanditsegulira uika mmodzi, wokalamba kale. Ndiwe wosoka, kuyeza umadziwa."

Ndinalira, ndinawatukwana, ndinati ndinu mbuli, mukufera nyani. Anandisisita mutu ngati ndili ndi zaka zisanu. Ndatsegula.

Tinyamuka Lachisanu, ine ndi iwo. Makina ndasiyira mnzanga. Mapiritsi ndaika m'chikwama changa, ndiyesa kuwasinja m'chakudya, ngakhale tsopano akununkhiza chilichonse. Uwapemphe a katekisiti apeze amuna a machira Loweruka kutsidya. Machira a Bambo okha sakana kunyamula, ndikudziwa.

Ndakhala ndi cholembera nthawi yaitali osadziwa choti ndikupemphe. Akakupeza chigonere, adzasiya ndi chakudya chomwe kuti afulumire. Akakupeza wachira, adzati n'chifukwa choti anasiya mankhwala, ndipo sadzawakhudzanso mpaka shuga awamalize. Ndaitembenuza nkhaniyi uku ndi uku ngati nsalu yoperewera, sikukwana.

Komabe chira, Cletus. Imwa mankhwala onse, idya, ukatichingamire pa ulalo utaimirira. Bodza lija ndinakutuma ndine, ichinso ndasankha ndine. Usadzanene kuti unasankha ndiwe.

Mchemwali wako,
Perpetua